Deta ya umbanda yophunzitsira kafukufuku: ya ku England kapena ya Afrobarometer?

Aphunzitsi anzanga kuno ku Mangochi, ngati mukusaka deta yoti ophunzira aziyeserera ma peresenti ndi matebulo, ine ndagwiritsapo ziwiri izi.

Yoyamba ndi ya Crime Survey for England and Wales, kafukufuku wa za umbanda amene anayamba mu 1982, a UK Data Service, omwe amasunga deta ya kafukufuku ku UK, anaichepetsa dala kuti ikhale yophunzitsira. Inayo ndi ya Afrobarometer, bungwe lofufuza maganizo a anthu m'mayiko a mu Africa, awa akhala akufunsa a Malawi kuyambira 1999, ndipo limodzi mwa mafunso awo ndi loti kodi munthu amaopa umbanda ali m'nyumba mwake.

Mtengo: zonse ndi zaulere, bandulo yokha basi.

Kuphweka: ya ku England mafunso ndi ochepa, wophunzira sasochera. Ya Afrobarometer ndi yaikulu, uyenera kukhala pansi wekha kusankha mafunso ndi kupatula mayankho a "sindikudziwa", ntchito ndithu.

Chidwi: apa ya kwathu ilibe mnzake, za galimoto zobedwa ku England ana amangowerengera kuti akhoze mayeso, koma akayerekeza mayankho a kumudzi ndi a m'tauni konkuno kalasi yonse imadzuka, wina mpaka amayamba kufotokoza za maukonde obedwa kunyanja.

Amene angoyamba kumene SPSS, pulogalamu ya pakompyuta yosanthulira deta, ayambe ndi ya ku England. Amene ayandikira kulemba pulojekiti apatseni Afrobarometer.