WiFi ya pasiwedi pa laputopu yakale: driver ya Linux, ndiswrapper kapena ka USB?

Anzanga amene mwaika Linux yopepuka ngati antiX kapena Puppy pa laputopu ya m'ma 2004 kapena 2005, ndikudziwa pamene ambiri mumakakamira. Makina ayaka bwinobwino, akuthamanga kuposa momwe ankachitira ndi Windows XP, koma kufika pa WiFi khadi ikuona netiweki koma ikukana pasiwedi, kapena siikuoneka n'komwe. Pali njira zitatu zomwe anthu amalimbana nazo: driver (pulogalamu yoyendetsa khadi) yomwe ili kale mu kernel, mtima wa Linux, ndiswrapper yomwe imabwereka driver ya Windows, ndi kungoisiya khadi yamkatiyo n'kugula ka WiFi ka pa USB. Ine mtima wanga uli pa yoyamba, koma sikuti imagwira paliponse ayi.

Musanasankhe chilichonse dziwani chip yomwe ili mu khadi yanu, chifukwa dzina la pa bokosi silithandiza kwenikweni. Makampani ankasintha chip mkati dzina n'kulisiya lomwelo. Tsegulani terminal mulembe lspci -nn ngati khadi ndi yamkati kapena ndi ija yolowetsa m'mbali ya CardBus, lsusb ngati ndi ya USB. Mupeza dzina ngati Broadcom, Intel, Atheros kapena Ralink ndi manambala m'mabulaketi, manambala amenewo ndi amene mukafufuzire. Kenako rfkill list, chifukwa malaputopu akalewa ambiri ali ndi kaswitchi kapena batani la Fn lozimitsira wailesi ya WiFi, ndipo munthu utha kuvutika tsiku lonse ndi ma driver pomwe vuto ndi kaswitchi basi.

Tiyambe ndi driver ya mu kernel. Apa mwayi waukulu uli ndi amene muli ndi Atheros, driver ya ath5k kapena ath9k imadzuka yokha, siifuna fayilo ina iliyonse, chitetezo cha pasiwedi cha WPA2 chimagwira popanda kuchonderera. Intel nayo ndi yabwino koma imafuna firmware, kapulogalamu kakang'ono komwe kamatumizidwa mu chip nthawi iliyonse makina akayaka. Malaputopu a Centrino oyambirira anali ndi PRO/Wireless 2100 kapena 2200BG, ma driver ake ndi ipw2100 ndi ipw2200, ndipo pa Debian ndi ana ake ngati antiX phukusi lake ndi firmware-ipw2x00. Ya 3945ABG yomwe inabwera pambuyo pake imayendera iwl3945. Mukalemba dmesg | grep -i firmware n'kuona mzere wonena kuti fayilo yakuti yakanika kutsegulidwa, sangalalani, ndiye kuti driver ilipo, ikungosowa fayilo imodzi yomwe dzina lake mwaliona kale pamenepo.

Broadcom ndiye imene yalizitsa anthu ambiri. BCM4306, BCM4311, BCM4318, zonsezi zinadzaza m'malaputopu a Dell ndi HP a nthawi imeneyo. Driver yake ya b43 ilimo mu kernel, koma firmware saloledwa kuigawa pamodzi ndi Linux, ndiye pamafunika b43-fwcutter yomwe imaidula kuchokera mu driver ya kampaniyo. Pa Debian phukusi la firmware-b43-installer limachita zonsezi lokha, kungoti limafuna intaneti kuti likatenge fayiloyo, pomwe inu intaneti ndi imene mukuisaka. Njira yake ndi kulumikiza kaye chingwe cha Ethernet, kapena foni ya Android pa USB n'kuyatsa tethering, Linux imaiona ngati netiweki ya chingwe. Samalani kuti BCM4306 ina yakale kwambiri imafuna b43legacy osati b43, komanso musaike driver ya wl ya Broadcom pamodzi ndi b43, zimalandana khadi ndipo mapeto ake palibe imene imagwira.

Chomwe ndimaikondera njira imeneyi n'choti ukavutika kamodzi wathana nazo. Kernel ikasintha driver imasintha nayo limodzi, siudzabwereranso pansi. Pomwe imagonja ndi pa makhadi akale zedi a 802.11b okhaokha, ngati Orinoco ndi Prism2. Ambiri mwa amenewa anapangidwa WPA isanabwere, ndipo ma driver a orinoco ndi hostap anachotsedwa mu kernel 6.8, ndiye ngakhale mulimbikire bwanji tsogolo lake palibe.

Tsopano ndiswrapper. Zaka za m'ma 2005 inapulumutsa anthu ochuluka ndipo ulemu wake tiziupereka. Imatenga driver ya Windows, mafayilo awiri aja a .inf ndi .sys, n'kuinamiza kuti ili pa Windows pomwe ili mkati mwa kernel ya Linux. Mumalemba ndiswrapper -i ndi dzina la fayilo ya .inf, kenako ndiswrapper -l kuti muone ngati yaizindikira khadi, kenako modprobe ndiswrapper. Zikamveka chonchi ngati zophweka, koma mavuto ake ndi ambiri. Imafuna driver ya nthawi ya XP, za Vista kupita mtsogolo sizigwira bwino. Kernel ikakhala ya 32-bit driver nayonso ikhale ya 32-bit, sizisakanizidwa. Muyeneranso kutsekereza driver ya Linux ya khadi yomweyo kuti isadzuke. Ndipo chachikulu, ndi module yakunja yomwe iyenera kumangidwa molingana ndi kernel yanu, pomwe ntchito yoikonza inazilala kalekale, ndiye pa kernel yatsopano nthawi zambiri imakana kumangika. Driver ya Windows ija ikalakwitsa, makina onse amauma, mbewa osayenda, mpaka kuzimitsa pa batani.

Pa nkhani ya pasiwedi, ndiswrapper imangotha zomwe driver ya Windows ija inkatha. Ngati driver ndi ya 2003 ndipo inkadziwa chitetezo chakale cha WEP ndi WPA yoyamba chokha, WPA2 simuipeza mpaka mutasaka driver ina yatsopanoko ya chip yomweyo. Ine ndimaiyika kumapeto, ya munthu amene ali ndi chip yomwe Linux ilibiretu driver, ali pa Puppy yakale yomwe ndiswrapper inabwera kale momwemo, ndipo sangathe kugula china.

Yachitatu ndi ka USB. Ena amaiona ngati kugonja koma kunena zoona nthawi zambiri ndi imene imapulumutsa nthawi. Chip ya Atheros AR9271 imayenda ndi ath9k_htc, Ralink RT5370 ndi rt2800usb, MediaTek MT7601U ndi mt7601u, zonse zili mu kernel, zimangofuna firmware yomwe mitundu yambiri ya Linux imabwera nayo kale. Mumapezanso 802.11n, WiFi yothamangirapo yomwe khadi yakale ya 54 Mbit/s inalibe. Koma apanso nkhani ndi chip yomweyo. TP-Link TL-WN722N yoyamba, v1, inali ndi AR9271 ndipo inkangogwira ukalowetsa, pomwe v2 ndi v3 anaikamo Realtek, bokosi lofanana, dzina lofanana, koma driver ina. Onaninso madoko a laputopu yanu, ngati ndi USB 1.1 liwiro silingadutse 12 Mbit/s ngakhale ka WiFi kakhale kamphamvu chotani. Ndipo kanthu kotulukira kunjako kamathyoka msanga mukamaika laputopu m'chikwama kali pomwepo, komanso tating'onoting'ono tija mlongoti wake ndi wofooka poyerekeza ndi mawaya omwe anazungulira sikirini ya laputopu.

Pali ena amasintha khadi yamkati yeniyeniyo, kuchotsa Broadcom ya Mini PCI n'kuikapo Atheros. Zikatheka ndi zabwino kuposa USB chifukwa mumagwiritsa ntchito mlongoti wamkati uja. Kungoti ma ThinkPad ndi ma HP ena ali ndi mndandanda mu BIOS wa makhadi ololedwa okha, mukaika ina makina amakana kuyaka, ThinkPad imalemba 1802, HP imalemba 104. Ndiye fufuzani kaye musanamasule zomangira.

Khadi ikadzuka nkhondo siinathe, patsala chomwe chimakambirana ndi rauta za pasiwedi. Pafupifupi zonse zomwe mumaona pa sikirini, kaya NetworkManager, kaya ConnMan, kaya ceni ya pa antiX, kaya Frisbee ndi Simple Network Setup za pa Puppy, kumbuyo kwake kuli wpa_supplicant ya Jouni Malinen. NetworkManager ndi yokoma kwa woyendayenda chifukwa imakumbukira ma netiweki n'kumalumikiza yokha, koma pa makina a 256 MB kapena 512 MB ya RAM imamveka kulemera. ConnMan ndi yopepukirapo. Wicd inali yokondedwa koma inatsalira pa Python 2, musatayepo nthawi. Iwd ya Intel ndi yaing'ono komanso yachangu, koma imalankhula ndi driver kudzera mu njira yatsopano ya nl80211 yokha, ndiye ipw2200 ndi ndiswrapper zomwe zimadalira njira yakale ya wext sizigwira nayo.

Ichi cha wext ndi nl80211 chigwireni bwino chifukwa ndi chimene chimachititsa kuti khadi izioneka, netiweki izioneka, koma pasiwedi yolondola izikanidwa. Zikatero ine ndimalangiza kuyesa pamanja kamodzi kuti muone pomwe zikukanikira. Zimitsani kaye ka manager kalikonse, mulembe wpa_passphrase "dzina la netiweki" "pasiwedi" > /etc/wpa_supplicant.conf, kenako wpa_supplicant -i wlan0 -c /etc/wpa_supplicant.conf -D wext osaika -B, kuti uthenga wonse uziyenda pamaso panu. Dzina la khadi silikhala wlan0 nthawi zonse, ipw2200 imakonda kutuluka ngati eth1, onani ndi iwconfig. Mukaona CTRL-EVENT-CONNECTED ndiye kuti khadi ndi pasiwedi zili bwino, chatsala ndi kupempha adilesi ndi dhclient kapena dhcpcd pa terminal ina. Mukaona ikubwerezabwereza za 4-Way Handshake, pasiwedi yalakwika kapena khadi ndi rauta sizikugwirizana pa mtundu wa chitetezo.

Pamenepa ndi pomwe ndikufuna ndichonderere, chifukwa malangizo omwe anthu amapatsana mwachangu ndi akuti bwezani rauta pa WEP khadi yakale igwire. Musatero chonde. WEP inathyoledwa mu 2001, ndipo lero munthu wa laputopu wamba amaitsegula mu mphindi zochepa. WPA ya TKIP ya 2003 inali yongogwirizira podikira WPA2 yomwe inabwera mu 2004 ndi AES, nayonso ndi yofooka tsopano. Mukatsitsa rauta chifukwa cha laputopu imodzi yakale mwatsegulira chitseko mafoni ndi makompyuta onse a pa netiwekiyo. Chomwe mungasinthe pa rauta popanda mantha ndi ichi: ngati ili pa WPA3 yokha, yomwe inabwera mu 2018, kapena pa WPA2 ndi WPA3 zosakaniza ndipo khadi ikukana, ikani WPA2 ya AES, ndipo PMF, chitetezo chowonjezera cha mauthenga oyendetsera kulumikizana, ikhale yosankha osati yokakamiza, makhadi akale ambiri saidziwa. Onetsetsaninso kuti 2.4 GHz ndi yoyatsa chifukwa makhadi a 802.11b ndi 802.11g saona 5 GHz, ndipo channel ikhale pakati pa 1 ndi 11, ina sifika pa 12 ndi 13.

Ngati khadi yanu ikulephera WPA2 ngakhale mwachita zonsezi, imeneyo isiyeni, gulani ka USB ka chip yodziwika, kapena ka rauta kakang'ono komwe kamatha kulowa pa WiFi ngati client n'kukupatsani intaneti pa chingwe cha Ethernet. Njira yomalizayi laputopu siifuna driver ya WiFi iliyonse, chitetezo chonse chimachitikira mu ka rautako, ndipo imagwira ngakhale pa makina omwe ali ndi USB 1.1 yokha.