Kobo, ODK, REDCap kapena Google Forms: mayankho a anthu anu akukagona kuti?

Nyengo ya mapulojekiti ikakwana ku Mzuni kapena ku Kaning'ina (nthambi ya University of Livingstonia ku Mzuzu), ophunzira amafunsana funso limodzi: "Mafunso angawa ndiwaike pa chiyani?" Ambiri amauzidwa Google Forms chifukwa aliyense anaionapo kale. Ena amati Kobo, poti ndi yomwe mabungwe amanyamula akamapita kumidzi. A zaumoyo akamatchula REDCap amachita kutsitsa mawu mwaulemu. Palinso ODK. Zinayi zonsezi, zomwe ndi mapulogalamu osonkhanitsira mayankho a kafukufuku, ndazigwira ndi manja anga, ndipo ndimaona kuti timalimbana pa zazing'ono, monga kukongola kwa fomu, n'kusiya nkhani ziwiri zikuluzikulu. Kodi fomuyo idzatseguka ku Usisya, foni ikakhala yopanda netiweki? Nanga mayankho akatumizidwa, akukakhala pa kompyuta ya ndani, m'dziko liti?

Ya Google Forms tisataye nayo nthawi. Popanda intaneti siitseguka, basi. Ngati mukufunsa aphunzitsi a pakoleji kapena ogwira ntchito m'maofesi a m'tauni, anthu oti ali ndi imelo ndi bandulo, ndipo mafunso ake ndi osachititsa manyazi, gwiritsani ntchito mtima uli m'malo. Fomu mumaipanga madzulo amodzi, mayankho n'kumagwera okha mu Google Sheets. Koma mukangoti mukafunse makomo ku Mchengautuwa kapena ku Ekwendeni, yakuthawani. Siitenga GPS. Siitha kubwereza mafunso omwewo kwa munthu aliyense wa pakhomo, kotero mumapezeka mwalemba "mwana woyamba, mwana wachiwiri" mpaka wachisanu ndi chitatu, khomo la ana khumi n'kukusowetsani pogwira. Imangosunga nthawi imene fomu inatumizidwa, osati imene kufunsa kunayamba. Ndipo zonsezo zimakhala mu akaunti yanu ya Gmail, yomwe ija munaisiya yotsegula pa kompyuta ya mnzanu.

Mkangano weniweni uli pakati pa Kobo ndi ODK, ngakhale awiriwa ndi ana a mimba imodzi. ODK inayamba mu 2008 ku University of Washington, mothandizana ndi Google. KoboToolbox anaiyambitsa ndi Phuong Pham ndi Patrick Vinck mu 2005, inakulira ku Harvard Humanitarian Initiative, ndipo pulogalamu yake ya pafoni, KoboCollect, anaimanga pa ODK Collect. Ndiye pafoni ya Android, wofunsa mafunso sangaone kusiyana kwenikweni. Amatsitsa fomu akadali m'tauni, amakafunsa kumudzi tsiku lonse popanda netiweki, madzulo akafika pamalo pomwe foni yagwira amatumiza zonse pakamodzi.

Zonse ziwiri zimawerenga XLSForm, kutanthauza kuti fomu yanu ndi fayilo ya Excel yokhala ndi masamba atatu: survey, choices ndi settings. Apa ndichedwepo pang'ono, chifukwa ophunzira ambiri amathawira kopanga fomu ndi mbewa ya kompyuta pa webusaiti ya Kobo, n'kumaopa Excel ngati ili ndi mano. Pa tsamba la survey, mzere uliwonse ndi funso. M'danga la relevant mumalemba lamulo lakuti funso la za pakati lifunsidwe kwa akazi okha. M'danga la constraint mumaletsa wofunsa kulemba zaka 250 pomwe amafuna kulemba 25. Ndipo chomwe chimatikomera ife a kuno: mukhoza kukhala ndi danga la mafunso m'Chingerezi, lina m'Chichewa, lina m'Chitumbuka, lina m'Chitonga ngati mukutsikira ku Nkhata Bay, wofunsa n'kumasintha chilankhulo ali pakati pa fomu. Zimenezi zimachotsa vuto lakale lija loti wofunsa aliyense amamasulira funso m'mutu mwake ali pakhomo pa munthu, ofunsa asanu n'kukhala atafunsa mafunso asanu osiyana. Fayilo imeneyi ndi yanu. Mukatopa ndi Kobo, mumaikweza pa ODK mmene ililimo.

Pa tsamba la survey onjezani mizere ya start ndi end, yosunga nthawi imene fomu inayambidwa ndi imene inamalizidwa, kapenanso audit, yomwe imasunga nthawi imene wofunsa anathera pa funso lililonse. Fomu yoyenera kutenga mphindi 40 ikabwera itadzazidwa m'mphindi 6, mudziwe kuti munthuyo sanafike pakhomo, anakhala pansi pa mtengo n'kudziyankha yekha. Asupavaiza anu sangazione zimenezi, koma inu mudzaziona.

Kusiyana kwa Kobo ndi ODK kuli pa seva, kompyuta yomwe imalandira ndi kusunga mayankho otumizidwa. Kobo imakupatsani seva yokonzeratu. Mumatsegula akaunti lero, mawa muli kumudzi. Dongosolo lake laulere limalola mafomu odzazidwa 5,000 pamwezi ndi malo osungira a 1 GB. Kwa wa digiri yoyamba kapena yachiwiri amene akufunsa anthu mazana ochepa, zimenezo n'zambiri, pokhapokha ngati mukujambula mawu kapena zithunzi, chifukwa izo zimadya malo msanga. Koma seva yaikulu ya Kobo ili ku America, ina ili ku Ireland ya amene akufuna deta yawo ikhale pansi pa malamulo a ku Ulaya. Ya ku Malawi palibe.

ODK ilibe seva yaulere yokudikirani. Pulogalamu yake ya seva, ODK Central, ndi yaulere, koma muyenera kuiika nokha pa kompyuta ya Linux, kudziwa Docker (pulogalamu yoyendetsera ODK Central pa kompyutayo), kukhala ndi adiresi ya pa intaneti ya sevayo, komanso munthu woti magetsi akathima usiku, m'mawa aone ngati zonse zadzuka bwino ndiponso ngati kope la deta linasungidwa kwina. Apo ayi mulipire ODK Cloud mwezi ndi mwezi m'madola, ndipo nonse mukudziwa mmene madola akuvutira kupeza. Wophunzira payekha asadzivutitse. Koma dipatimenti ya ICT, kapena pulojekiti ya zaka zitatu yokhala ndi katswiri wake, ili ndi chifukwa chomveka chosankhira ODK Central: deta ikhoza kukhala pa makina a sukulu, kuno ku Luwinga, ndipo mukafunsidwa kuti ili kuti mumachita kuloza ndi chala.

Funso limenelo mudzafunsidwa ndithu. Kuyambira 2024 tili ndi Data Protection Act, ndipo MACRA ndi yomwe inapatsidwa udindo woonetsetsa kuti lamuloli likutsatidwa. Lamuloli limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zofunika kusamalidwa mwapadera, ndipo lili ndi mfundo zake pa zotumiza deta ya anthu kunja kwa dziko. Makomiti ounika kafukufuku, MZUNIREC ya ku Mzuni, NHSRC ya za umoyo, kapena ya ku NCST (bungwe la boma loona za sayansi ndi luso), amafuna mufotokoze mmene mudzasungire zomwe anthu akuuzani. Chiganizo chija aliyense amakopera kwa mnzake, chakuti mapepala adzakhala m'kabati yokiya ndipo kompyuta idzakhala ndi pasiwedi, n'chabodza ngati mayankho akupita pa seva ya ku America ndipo inu simunanene. Mayi wa ku Chibavi amene wadinda chala pa fomu yovomereza ayenera kuuzidwa zoona zake, m'chilankhulo chimene akumva.

Pali njira yogwiritsa ntchito seva yakunja popanda eni seva kuwerenga kanthu. Kobo ndi ODK zonse zimalola kutseka mayankho ndi kiyi foni isanawatumize. Pa ODK Central n'zosavuta, mumangoika mawu achinsinsi pa pulojekiti. Pa Kobo n'zotopetsako: mumapanga makiyi awiri, imodzi n'kuiika mu settings, ndipo mayankho simungawaone pa webusaiti mpaka mutawatsitsa n'kuwatsegula ndi kiyi inayo pa ODK Briefcase, pulogalamu ya pakompyuta. Kiyi ikatayika, deta yapita, palibe wokubwezerani. Ambiri amagwa ulesi pomwepa, ndipo sindiwadabwa. Ngati simungakwanitse, chitani chosavuta: dzina ndi nambala ya foni zisalowe n'komwe mu fomu. Munthu aliyense mpatseni nambala yake, mndandanda wolumikiza nambala ndi dzina ukhale kwina.

Musaiwale GPS. Kumudzi, kadontho ka GPS pakhomo ndi dzina kale, aliyense wa m'deralo angakuuzeni kuti nyumba imeneyo ndi ya ndani. N'chifukwa chake akafukufuku a DHS (kafukufuku wa dziko lonse wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo) asanatulutse deta amasuntha dala malo, mpaka makilomita 2 m'tauni ndi 5 kumidzi. Ngati kafukufuku wanu safuna mapu, funso la GPS lichotseni, ngakhale likuoneka lapamwamba.

REDCap ndi ya mtundu wina. Inapangidwa ku Vanderbilt University mu 2004, ndi gulu la Paul Harris, poganizira kafukufuku wa zachipatala, ndipo zimaoneka. Mukamapanga fomu mumaika chizindikiro pa danga lililonse lomwe lingaulule munthu, kenako mumasankha kuti wosanthula ziwerengero atsitse deta yopanda madanga amenewo, mwini kafukufuku yekha ndiye aone zonse. Aliyense amene wasintha yankho amasiya phazi: ndani, liti, linali chiyani, lakhala chiyani. Ngati mukutsatira odwala omwewo pa mwezi woyamba, wachitatu ndi wachisanu ndi chimodzi, REDCap imasanja maulendowo bwino lomwe, ndipo imatulutsa deta yokonzekera mapulogalamu osanthulira ziwerengero monga SPSS, Stata, R kapena SAS. Pa nkhani yosamala chinsinsi cha odwala, ndimaiika patsogolo pa zonse.

Vuto lake n'lakuti simungaitenge panokha. Chilolezo chimaperekedwa kwaulere ku masukulu ndi mabungwe osachita malonda, iwo n'kuiika pa seva yawo. Ngati sukulu yanu kapena bungwe lomwe mukugwira nalo ntchito ilibe, nkhani yathera pomwepo. Pulogalamu yake ya pafoni imagwira popanda intaneti, koma imafuna woyang'anira seva akutsegulireni, ndipo kwa ine ndi yolemera poyerekeza ndi KoboCollect pamene ofunsa ali ambiri ndipo amwazikana m'midzi. REDCap imasangalala pa desiki ya kuchipatala kusiyana ndi pa kabaza wopita ku Mpherembe.

Ndiye namwino amene akutsatira odwala afunse kaye ngati REDCap ilipo kumene akuphunzira. Wa zaulimi, zamaphunziro, zankhalango kapena zamalo amene akukafunsa makomo kamodzi kokha atenge Kobo, alembe fomu yake mu Excel, ndipo anene poyera mu proposal kuti seva ili kunja.

Chilichonse chimene mwasankha, deta yambiri imatayikira pafupi, osati pa seva. Ofunsa amagwiritsa ntchito mafoni awo, omwewo amabwereka ana madzulo, choncho tsegulani lamulo loti fomu ikatumizidwa ifufutike pafoni. Fayilo ya mayina isayende pa gulu la WhatsApp. Ndipo potsegula mu Excel fayilo ya mayankho ya mtundu wa CSV yomwe mwatsitsa pa seva, musangoidina kawiri: ziro woyamba wa manambala a 088 ndi 099 amazimiririka, ndipo ŵ wa m'mayankho a Chitumbuka amasanduka tizizindikiro tosawerengeka. Tsegulani Excel kaye, itanani fayiloyo kudzera pa Data, sankhani UTF-8 kuti zilembo ngati ŵ zisaonongeke, ndipo danga la manambala a foni muliuze kuti ndi Text.