Maluwa oitanitsa kutali: a mizu yokha, a m'thireyi kapena a mumphika?

Mukamaitanitsa maluwa okhalitsa, aja amaphukanso chaka ndi chaka, ogulitsa amawatumiza m'njira zitatu: mizu yokha yopanda dothi, timbande ta m'thireyi, kapena chomera chokula kale mumphika. Ambiri timathamangira cha mumphika chifukwa chimafika ndi masamba, mwinanso ndi duwa lomwe. Koma sikuti nthawi zonse n'chimene chimagwira bwino.

Mizu yokha amaitumiza chomera chili m'tulo, kutanthauza nthawi imene chapumira kukula. Mukatsegula katoni mumapeza chinthu chonga kangaude wouma, chokulungidwa mu utuchi wachinyezi, ndipo mtima umagwa. Musachitaye. Viikani mizuyo m'madzi kwa ola limodzi kapena awiri, umbani kachulu pakati pa dzenje, yalani mizu pamwamba pake, n'kukwirira moti pokumanira mizu ndi tsinde pafanane ndi nthaka. Kwa maluwa otchedwa daylily ndi hosta, omwe mizu yake ndi yonenepa, ine ndimasankha njira imeneyi mosakayika: mizu imayamba kukula m'dothi lanu lomwelo kuchokera tsiku loyamba. Chofunika n'kusamala kuya kwake. Peony mukakwirira maso ake (timphukira ta pamwamba pa mizu) kupitirira masentimita 5, adzakupatsani masamba okhaokha osatulutsa duwa. Vuto lina, mizu yotere sidikira. M'masiku ochepa iyenera kukhala italowa pansi.

Cha mumphika chimapirira ngakhale mutachedwa sabata, bola muzichithirira. Poti chachokera mumdima wa katoni, chiyambe chakhala pamthunzi masiku awiri kapena atatu. Pochizula yang'anani pansi: ngati mizu yazungulirazungulira n'kupanga mkombero woyera, imasuleni ndi zala, apo ayi ipitiriza kuzungulira m'dzenjemo. Lavender gulani wa mumphika basi.

Timbande ta m'thireyi n'totchipa ngati mukufuna tambiri, koma kadothi kake kamauma tsiku limodzi. Ndi bwino kutiwokera kaye m'timiphika kwa masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi.

Pa nkhani ya mpata ndi pomwe maso amatinyenga. Zitatu zonsezi zikakhwima zimadzafanana kukula, choncho mpata muutengere pa kukula kolembedwa pachikwangwani, osati pa kanthu kamene kali m'manja mwanu. Daylily amafuna masentimita 45 mpaka 60, kaya wabwera ngati mizu kaya mumphika. Ngati zomera ziwiri n'zosiyana, tengani theka la kutambalala kwa china muphatikize ndi theka la chinzake: cha masentimita 60 ndi cha 30 zitalikirane 45. Pa sikweya mita imodzi, mpata wa masentimita 30 umalowa zomera pafupifupi 11, pomwe wa 45 umalowa zisanu zokha, ndiye werengani musanalipire.

Alipo amene amabzala mothinana kuti bedi litseke msanga, udzu usowe pomera. Zimathekadi, koma mpweya ukasiya kudutsa, phlox ndi monarda zimagwidwa chuku choyera pamasamba, ndipo simuchedwa kukumba n'kugawa zitsa. Ine ndimakonda mpata wokwanira, ngakhale bedi limaoneka lapululu chaka choyamba. M'mipatamo fesani maluwa a nyengo imodzi ngati cosmos ndi marigold, phimbirani ndi zinyalala zowolerana zokhuthala masentimita 5 osakhudza tsinde, ndipo muzithirira mokhathamiza kamodzi kapena kawiri pa sabata mpaka masamba atsopano atayamba kutuluka.