Ofesi ya ngongole mu Chipata: chikole anachifotokoza bwino, koma woimira ngongole anamutcha mboni

Mwezi wa Okutobala ndinaperekeza amalume anga a ku Chiparamba ku ofesi ina yobwereketsa ndalama mu tauni ya Chipata, ku Zambia. Iwo amalima chimanga ndi soya, ali ndi chigayo cha dizilo pakhomo, ndipo ankafuna K20,000 yogulira feteleza mvula isanagwe. Ananditenga chifukwa mapepala a ngongole amalembedwa m'Chingelezi, chinenero chimene iwo amachimva mwapatalipatali.

Anatilandira mwaulemu, ndipo sitinakhalitse pamzere. Mayi amene anatithandiza anayamba ndi mawu akuti collateral, amene anali patsamba loyamba la fomu. "Bambo," anatero, "ichi ndi chikole, katundu amene mukulonjeza kuti mukalephera kubweza, ife tidzagulitse kuti tipezepo ndalama zathu." Anawonjeza kuti katunduyo akadzagulitsidwa pamtengo woposa ngongole ndi zolipira zake, ndalama yotsala idzabwerera kwa mwiniwake. Anafotokoza mosathamanga, ndipo pamenepa ndikuwayamikira.

Amalume anayamba ndi kutchula munda wawo. Mayiwo anakana mofatsa, nati malo a mfumu opanda title deed, chikalata cha boma cha umwini wa malo, ofesi yawo siingawalandire. Zimenezi ndi zoona: lamulo la malo la 1995 limalola kusintha malo otere kukhala a lendi ya zaka 99, koma pamafunika chilolezo cha mfumu ndi cha khonsolo, ndipo ndi ulendo wautali umene sungathe mvula isanabwere. Chimene chinatipulumutsa ndi lamulo la 2016 lotchedwa Movable Property (Security Interest) Act, limene limalola katundu wosunthika monga makina, ziweto ndi galimoto kukhala chikole, ndipo chikolecho chimalembetsedwa m'kaundula wa ku PACRA, bungwe la boma lolembetsa makampani, kuti munthu asachikolekenso kwina mobisa. Motero chigayo ndicho chinalembedwa, koma chinatsala pakhomo chikugayabe. Apa ndi pamene ofesiyi ikusiyana ndi a kaloba, anthu wamba obwereketsa ndalama pachiwongoladzanja, amene amanyamula wailesi yakanema kapena foni n'kuisunga kwawo mpaka tsiku lobweza. Kachitidwe ka a kalobako ndiko pinyolo, amene Chingelezi chimamutcha pledge kapena pawn, chifukwa katundu amachoka m'manja mwa mwiniwake.

Mawu akuti collateral anachokera ku Chilatini, ndipo muzu wake umanena za chinthu choima pambali pa chinzake. Lonjezo lenileni ndi lobweza ndalama, chigayo changoima pambali kuti chililimbitse. N'chifukwa chake mawu omwewa amamveka pa nkhani za nkhondo, pamene collateral damage amatanthauza anthu wamba ndi nyumba zowonongeka pambali pa chimene asilikali analinga. M'nkhani za chuma cha masiye, collateral relative ndi mbale amene sali pamzere wa kholo ndi mwana, monga msuweni kapena malume, ngakhale kuti kwathu kwa Achewa malume ndiye mwinimbumba, osati munthu wapambali. Mawu athu akuti chikole ali ndi kulemera kwawokwawo, pakuti ndi omwewo amene timatchulira mphatso imene mnyamata amapereka kwa mtsikana posonyeza kuti mawu ake a ukwati ndi otsimikizika. Amalume atangomva chikole, anadziwa kuti nkhaniyo si yamasewera.

Vuto linabuka patsamba lachitatu. Pamwamba pake panalembedwa security, m'munsi mwake guarantor, ndipo mzere wina unkati surety. Mayiwo anandipatsira cholembera nati, "Inu achimwene, sainani apa ngati mboni." Ndinakana kaye. Mboni ndi munthu amene amangotsimikiza kuti anaona wina akusaina, ndipo ngongole siimukhudza. Guarantor kapena surety ndi munthu amene akudzimanga kuti wobwereka akalephera, iye ndiye adzabweze kuchokera m'thumba mwake. Mawu akuti security ndi ambulera yophimba zonsezi: chigayo ndi security, siginecha ya woimira ngongole nayonso ndi security, mofanana ndi mortgage imene imakhudza nyumba kapena malo, ndi lien, ufulu wa makanika wosunga galimoto yako mpaka utamulipira. Collateral ndi katundu yekha, munthu sakhala collateral. Motero patsamba limeneli ofesi inkafuna zinthu ziwiri, chigayo cha amalume ndi malipiro anga, koma pakamwa anatchula chimodzi chokha.

Nditafunsa, mayiwo anavomera mosabisa kuti ndikunena zoona, ndipo anati anthu onse amangoti mboni chifukwa ndi mawu amene anazolowereka. Sindikukhulupirira kuti ankafuna kutinyenga. Komabe chizolowezi chimenechi n'choopsa, chifukwa pabenchi pomwepo panali amayi awiri ogulitsa pamsika wa Kapata amene anabwera kudzasainirana, ndipo ndinamva mmodzi akuuza mnzake kuti iye wangobwera kudzakhala mboni. Munthu wotero tsiku lina adzalandira kalata yomulamula kubweza ndalama zimene sanadyeko, ndipo chibale chidzathera pomwepo. Ine ndinasaina, koma ndinasaina ndikudziwa chimene ndikusenza, titakambirana ndi amalume panja kwa kanthawi.

Chiwongoladzanja anachitchula cha pamwezi chokha, ndipo ndalama yonse yodzabweza anatiwerengera titachita kupempha. Kope la mgwirizano anatipatsa popanda vuto. Patapita masiku awiri mnyamata wa ofesiyo anabwera panjinga yamoto kudzajambula chigayo ndi kulemba nambala ya injini, ndipo tsiku lachinayi ndalama zinalowa pafoni ya amalume, moti feteleza anagulidwa pa nthawi yake.

Kwa mlimi amene ali ndi katundu wosunthika koma alibe mapepala a malo, ofesi imeneyi ndi yothandiza ndithu, malinga apite ndi munthu wowerenga Chingelezi amene adzaime pa mawu aliwonse a patsamba lachitatu. Ndinapempha manijala kuti asindikize tsamba limodzi m'Chinyanja lofotokoza chikole, pinyolo, mboni ndi woimira ngongole, ndipo anati aliganizira. Pamene tinapitako mu Disembala kukapereka gawo loyamba, tsambalo linali lisanapezeke.