Kupeka nyimbo pa zowawa zako: kunena "ine" kapena kuphiphiritsa?

Tenanti wa ku Kasungu amene walima fodya chaka chonse osalandira kanthu, kapena mayi wa ku Mchinji amene analandidwa katundu mwamuna atamwalira, ali ndi njira ziwiri zopekera nyimbo.

Yoyamba ndi kuyimba kuti "ine". Imapepuza mtima msanga, chifukwa zowawa zimatuluka momwe zilili. Ndime yoyamba igwire chinthu chimodzi chooneka, monga malata ozulidwa padenga ana akuona. Kolasi ikhale mizere iwiri yokha kuti anthu azipolokoza mosavuta. Vuto lake, pamudzi aliyense amadziwa amene mukumunena. Mukatchula dzina, nkhani imathera kwa amfumu, ndipo wayilesi ikhoza kuikana nyimboyo. Enanso mawu amawatsamwa pakati pa ndime, chilonda chikadali chachiwisi.

Yachiwiri ndi kuphiphiritsa, monga amachitira amayi pamtondo: "mayi wina", "mwana wa eni". Imateteza woyimba, ndipo omvera ambiri amadzionamo okha. Pofuna kusintha khalidwe la anthu, iyi ndiye yamphamvu. Koma mukabisa mopitirira, anthu amangovina, uthenga osaumva.

Ife timati lembani kaye "ine" m'kope mwanu, papite milungu ingapo, kenako sinthani mayina ndi malo musanapite kukajambula.