Ma "stem cell" a m'timapaketi aja ndawayesa, nayi review yanga

Anthu angapo akhala akundifunsa ku inbox za ma stem cell adzadza m'ma status a WhatsApp aja, nde ndati ndingolemba kamodzi basi. Dzina la kampani sinditchula, alipo ambiri ndipo kachitidwe kawo ndi kamodzimodzi. Bokosi ndinagulira mayi anga, ali ndi shuga ndi BP komanso mawondo amawavuta, wogulitsayo ndi mayi wa kumpingo kwawo woti kumukanira kunali kovuta.

Zabwino zake kaye. Bokosi ndi lokongola, mkati muli timapaketi ta ufa, umang'amba kamodzi m'mawa usanadye kanthu nkuthira pansi pa lilime mpaka usungunuke. Ndi wotsekemera ngati juwisi waufa uja amakonda ana, mayi sanavutike nawo. Wogulitsa nayenso ulemu wokhawokha, kubweretsa yekha pakhomo, kuimba foni m'mawa "amayi mwadzuka bwanji, mwamwa lero?" ndipo ndikuona kuti chimakopa anthu ndi chimenechi, munthu wazolowera kukhala pamzere kuchipatala kuyambira mbandakucha nkukamuona dokotala kamphindi kochepa, lero wina akumufunsa za mawondo ake mwachifundo, alekeranji kugula.

Zabwino zathera pomwepo. Mtengo ndi wowawa, kenako amakuuza kuti bokosi limodzi silikwana, mpaka atatu kapena anayi kuti "ma cell akufa adzuke". Lathu litatha shuga pa kamakina koyezera anali pomwe anali, mawondo chimodzimodzi. Titadandaula eti ndi detox, thupi likutulutsa zoipa. Ukapeza bwino akuti ufa wagwira ntchito, ukadwalika akutinso ukugwira ntchito, iwo kuluza kulibe.

Kumbuyo kwa bokosi kwalembedwa apulo, mphesa ndi zipatso zina, akuti plant stem cells. Nkhani ya apuloyi inatchuka ku Switzerland ndi mtundu wina wotchedwa Uttwiler Spätlauber umene amaika m'mafuta odzola kumaso. Koma abale cell ya apulo singasanduke cell ya bondo la munthu, ndiye iyi ndi youma kale, ikafika m'mimba imagayidwa ngati chakudya china chilichonse. Pansi penipeni, tizilembo tofunika magalasi, alemba okha kuti si mankhwala ndipo sachiza matenda aliwonse. Pomwe mu gulupu yawo ya WhatsApp maumboni ali mbwee, khansa, stroke, kusabereka, zonse ufa womwewo.

Ma stem cell enieni, ma cell a m'thupi amene amatha kusanduka ma cell a mitundu ina, alipo ndipo amachizadi, koma si zoyamwa pakhonde. Madokotala amatenga a m'mafuta a m'mafupa nkumuika munthu wa khansa ya m'magazi kapena sickle cell, dokotala wa ku America E. Donnall Thomas analandira mphoto ya Nobel mu 1990 chifukwa cha ntchito imeneyi. Wodwala amapatsidwa kaye chemotherapy yamphamvu, amagonekedwa masabata m'chipinda chayekha poopa matenda, nthawi zambiri pamafunika wopereka wofanana naye, ena samapulumuka. Akuno akafuna zimenezi ndi ulendo wa ku India kapena South Africa. Chithandizo chatsopano cha sickle cell chotchedwa Casgevy, chimene amakonza ma stem cell a wodwala yemweyo, chinavomerezedwa ku UK ndi ku America mu 2023, mtengo wake ku America madola 2.2 miliyoni munthu mmodzi.

Chinandikwiyitsa kwambiri ndi seminar yawo. Bambo wa suti anaima nkunena kuti "athuwa si aja amapha ana osabadwa, ndi a zomera, Mkhristu imwani mtima uli m'malo", anthu Ameni kuwomba m'manja. Mkangano akuukhudzawo ndi weniweni komanso wolemera. Mu 1998 James Thomson wa ku University of Wisconsin ku America anatenga ma stem cell ku miluza ya anthu yotsala ku zipatala za IVF (zothandiza osabereka pokumanitsa dzira ndi umuna kunja kwa thupi), ya masiku pafupifupi 5, ndipo potenga mluzawo umawonongeka. Mpingo wa Katolika ndi ena ambiri amati pamenepo pali kale moyo wa munthu, sungauphe kuti uchize wina. Ena amati miluzayo ikanatayidwabe, bola ithandize anthu a Parkinson's kapena ovulala msana. Ku America, Pulezidenti George W. Bush anachepetsa ndalama za boma pa kafukufukuyu mu 2001, Obama nkudzamasula mu 2009. Pakati apo Shinya Yamanaka wa ku Japan mu 2006 anapeza njira yobwezera ma cell wamba a mbewa kukhala ngati a mluza, chaka chotsatira zinatheka ndi a khungu la munthu, Nobel yake inabwera mu 2012, mkangano unazizirako ngakhale sunathe. Ineyo monga munthu wopemphera nkhani ya mluza imandivuta mumtima, sindinama. Koma kutenga nkhani imene anthu akhala akulimbana nayo zaka zonsezi nkuisandutsa nyambo yogulitsira ufa wa zipatso kwa azimayi a kumpingo, ayi zimenezo nde zonyansa.

Ndipo za chikumbumtima akuzinenazo aziyambira pa iwo eni. Mu gulupu muja wina analemba kuti mayi achepetse metformin, mankhwala a shuga, kuti ufa "ugwire bwino", wina anaika voice note yoti anasiya ma ARV, ma admin kungoika timanja towomba, palibe anamuletsa. Pamapeto nkhani imakhota, ayamba zoti ujoine, ubweretse anthu awiri, nawonso abweretse awo, uzidya komishoni. Wodwala yemweyo ndi amene akufunidwa kuti akhale wogulitsa, akanyengerere odwala anzake.

Nyenyezi imodzi pa zisanu, nayonso ndi ya ulemu wa mayi wogulitsa uja, amene ndikukhulupirira kuti naye anangonamizidwa. Ngati wina wakubweretserani, mufunseni ngati zinalembetsedwa ku PMRA, bungwe la boma loona za mankhwala, monga mankhwala a matenda akutchulawo, bokosilo mukalionetse kwa dokotala wanu musanatsegule, ndipo mankhwala a kuchipatala musasiye olo tsiku limodzi.