Zigawo zodulidwa mufilimu: ndi mbali ya nkhani kapena ayi?

Okonda mafilimu kuno ku Zomba, kaya ku Chirunga kaya ku Chinamwali, sagwirizana pa zigawo zomwe zimadulidwa filimu isanatuluke, kenako n'kudzaoneka pa DVD kapena pa YouTube.

Ena amati tiziziwerenga ngati mbali ya nkhani. Wolemba anazilemba, osewera anazisewera, ndipo nthawi zambiri zimachotsedwa chabe chifukwa filimu yatalika. Amatchula Star Wars: chigawo chomwe Han Solo akukumana ndi Jabba sichinalowe mufilimu ya 1977, koma George Lucas, yemwe anapanga filimuyo, anachibwezeretsa mu 1997.

Ine ndili mbali inayo, ndipo chitsanzo chomwechi chimandithandiza. Chigawocho chinakhala nkhani pokhapokha mwini wake atachibweza. Filimu imapsa pa nthawi yodula ndi kulumikiza zithunzi. Apa ndi pomwe wotsogolera amasankha amene afe, amene adziwe chinsinsi, komanso liti. Chigawo china amachitaya chifukwa chikutsutsana ndi mathero atsopano. Mukachiwerenga, munthu mmodzi akhala ndi mbiri ziwiri zosagwirizana. Komanso n'kulakwira mnzathu amene analipira pakhomo n'kuonera filimu yonse, kumuuza kuti sanaimvetse chifukwa alibe bandulo yofufuzira zotsalira.

Zodulidwazo ndimazionera ndithu, pofuna kuona mmene ntchito inayendera.